Dzina la Akazi Anga Lasanduka Siteji

Tsidya la Nyamisale,
Kufupi ndi Bangula,
Nsanje.

4 Novembala

Kwa Olemekezeka a Nduna amene munadzatitsegulira mlatho,

Bwana,

Ndalemba kalatayi nditagwada, ngakhale simukundiona. Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi amayi kunyumba, ndiponso kuti chifuwa chimene fumbi lathu linakupatsani tsiku lija chinatha. Kuno tilipo, kwangotentha monga mwa masiku onse.

Ine ndine Lazaro Semba, mlimi wa mapira ndi chitowe. Simungandikumbuke, ndipo umenewo si mlandu wanu. Ndine mwamuna wa mayi amene munatenga dzina lawo n'kutcha mlatho watsopano wa pa mtsinje wa Nyamisale, pa msewu waukulu. Sukulu ndinalekezera Fomu 2, choncho mukapeza mawu opindika muwongole nokha. Ku boma ndinapitako kawiri. Anandiuza kuti nkhani za milatho zili kulikulu, ndipo za maina a milatho zili kwa inu nokha. Mphunzitsi wina wandiuza kuti akuluakulu kalata ya mu envulopu saiona, koma ya mu nyuzipepala amawawerengera m'mawa akumwa tiyi. N'chifukwa chake ndadzera kuno.

Nkhani yanga ndi imodzi. Ndikupempha kuti mundibwezere dzina la akazi anga. Munalitenga mu Meyi osandifunsa, ndipo tsopano likufunika kunyumba mwezi wamawa usanathe. Koma munthu sayamba kupempha asanathokoze, ndiye ndiyambe ndathokoza.

1. Zikomo chifukwa cha mlatho.

Malemu akazi anga anali mlangizi wa zaumoyo kwa zaka 26. Ife timakhala tsidya lino, ndipo chipatala chimene chili ndi firiji ya katemera chili tsidya linalo. Kale msewu unkangotsikira mumchenga n'kukatulukira kutsidya, ndiye mvula ikagwa kumapiri galimoto zonse zinkaima. Iwo sankaima. Lachiwiri lililonse ankawoloka wapansi, kabokosi ka katemera kali pamutu, sikelo yoyezera ana ili kumsana, nsapato zili m'manja, madzi akulekeza m'chifuwa. Njinga ankaisiya kunyumba, chifukwa njinga ya boma siyenera kunyowa.

Chaka chilichonse ankalemba kalata yopempha mlatho, n'kuipereka kwa abwana awo kuti ikwere m'mwamba. Makope ake onse ndili nawo m'sutikesi. Mayankho anabwera awiri, ndipo ndikuthokoza chifukwa cha onse awiriwo. Loyamba linati nkhani yalandiridwa. Lachiwiri, patapita zaka zisanu ndi zinayi, linati nkhani ikuganiziridwa.

Chaka chatha mu Febuluwale, Lamulungu m'mawa, anadandaula mutu, kenaka mkono wamanja unafooka ndipo mawu anayamba kulemera. Tinawagoneka m'ngolo. Titafika pamtsinje tinapeza wadzaza. Ambulansi inabwera, pamenepa ndisakunamizireni. Inaima tsidya linalo, ndipo dalaivala anatiimikira dzanja, ifenso tinamuimikira. Tinadikira pansi pa mtengo wa nimu kuti madzi aphwe. Cha m'ma 3 koloko masana anatisiya. Madzi anaphwa cha m'ma 5.

Nkhaniyo inamveka pa wailesi, ndipo patangopita miyezi inayi makina anu anafika. Mlatho umene unakanika zaka 26 unatha m'miyezi khumi ndi umodzi. Malemu akanadziwa kuti pempho limathamanga chotere mwini wake akamwalira, sindikudziwa ngati akanavutika ndi mapepala onse aja.

2. Zikomo chifukwa cha mwambo wotsegulira.

Za mwambowo ndinamva kwa galimoto ya chimkuzamawu imene inkazungulira m'midzi kuitana anthu kuti akakuchingamireni. Ndinasita jekete langa la pa ukwati n'kupita. Pachingwe chotchinga msasa wa alendo panali bambo wina wovala baji, amene anandifunsa khadi. Ndinati ndine mwamuna wa malemu. Iye anati, "Malemu ake ati?" Ndinaona kuti ali ndi ntchito yambiri, ndiye ndinakaima ndi amayi ogulitsa madzi ozizira. Pamenepo pankamveka bwino ndithu.

Munafika 1 koloko m'malo mwa 9, ndipo tinamvetsa, dziko ndi lalikulu. Wotsogolera mwambo, amene munabwera naye kuchokera kulikulu, anali ndi mawu okoma. Atatha kutchula maudindo a onse okhala pamipando anati, "Tsopano tipemphe Mayi Semba, eni ake a mlathowu, aimirire kuti Olemekezeka awaone!" Alendo a mumsasa anawomba m'manja, akutembenuka uku ndi uku. Ife a padzuwa tinangoyang'anana. Mayi wina kumbuyo kwanga anati, "Akaimirira, tonse pano tithawa, a Nduna patsogolo."

Mawu anu, Bwana, anandiphunzitsa zambiri zimene sindinkadziwa. Sindinkadziwa kuti malemu munkawadziwa bwino mpaka kuwatcha mlongo wanu. Sindinkadziwanso kuti anamira m'madzi atakumbatira kabokosi ka katemera, akufuula kuti ana a dziko lino apulumuke. Ine ndinali pomwepo pa ngolo paja, mutu wawo uli pamwendo panga, koma ndine yani kuti nditsutse mawu otayipidwa? Ndingokonza pang'ono pokha: anamwalira Lamulungu, tsiku lawo lopuma. Ngakhale pa imfa sanadye nthawi ya boma.

Muli mkati molankhula, ana asukulu atatu amene anaima pamzere kuyambira m'mawa anakomoka. Wotsogolera mwambo anaitana pa chimkuzamawu kuti wa zaumoyo wa dera lino abwere msanga. Palibe anabwera, chifukwa chimwalirireni malemu simunatumize wina. Ndikuona kuti mwatero powalemekeza, kusonyeza kuti palibe angalowe m'malo mwawo. Anawo anatsitsimuka ndi madzi a m'mabotolo a mumsasa mwanu. Zikomonso chifukwa cha madziwo.

3. Zikomo pophunzitsa anthu dzina limene sankalidziwa.

Mwina kulikulu zinasintha, koma kwathu kuno mkazi wapabanja, wa ana ake, satchulidwa dzina la pa ubatizo ngati kamtsikana kotumidwa kumjigo. Ine ndinakhala nawo zaka 31, ndipo dzina lawo ndinalitchula kawiri: pamaso pa wansembe tsiku la ukwati, ndi pamaso pa kalaliki wolemba chikalata cha imfa. Lero ndililemba kachitatu kuti mudziwe chimene ndikupempha: Anastazia. Masiku ena onse anali amake Fatsani. Kuntchito anali Mayi Semba. Amayi a kusikelo ankati adokotala, ngakhale eni akewo ankakana. Ana a m'midzi ino, amene onse anabayidwa katemera ndi dzanja lawo, anakula osadziwa kuti ali ndi dzina lina. Linali ngati nsalu yabwino ya pansi pa sutikesi. Timadziwa kuti ilipo, koma sitiiyanika pamsewu.

Inu munaliyanika pamsewu, pa chikwangwani chobiriwira, zilembo zotalika ngati mkono wanga, mbali zonse ziwiri za mlatho, lopanda ndi "Mayi" yemwe kutsogolo kwake.

4. Zikomo chifukwa cha chitukuko chimene chatsatira.

Inu mumayenda pa galimoto yosaima panjira, ndiye mundilole ndikufotokozereni mmene zimakhalira. Pakamangidwa mlatho, minibasi imaima. Minibasi ikaima pamabadwa siteji, ndipo siteji imafuna dzina lalifupi lokwana m'kamwa mwa kondakitala. Sabata isanathe anali atalidula kale. Nyumba yanga ili pamtunda pang'ono, ndiye mawu amafika onse, kuyambira m'mamawa mpaka dzuwa kulowa: "Stazia! Stazia! Otsika pa Stazia! Mayi inu, Stazia yakwana, tsikani ndi mbuzi yanuyo!" Masiku oyambirira ndinkadzidzimuka n'kuyang'ana kukhitchini.

Tsiku lina ndinaitana Kondwelani, kondakitala wa ndevu zake ndi ana ake, amene malemu anamuyeza pa sikelo ali khanda. Ndinamufunsa ngati sangamangoti pa mlatho. Anavula kapusi, ndi munthu waulemu. Anati, "Madala, milatho ilipo isanu pamsewu uno. Ndikati pa mlatho anthu anditsikira paliponse. Komanso analemba si ine, ndi boma." Ananena zoona.

Pasiteji pabwera okazinga chipisi, owotcha kanyenya ndi a kabaza. Pansi pa mtengo wa nimu uja wina wamangapo malo omwera mowa, ndipo nawonso wawapenta dzina lomwelo, ndi chithunzi cha botolo pambali. Kuseri kwa mtengowo ndi kumene amuna amakataya madzi. Wailesi nayo yazolowera. Mu Julayi inati lole ya makala yagubuduka pa Stazia. Mu Seputembala inati zitsulo za m'mbali mwa Stazia zabedwa. Mwezi watha anthu kumsika ankauzana kuti Stazia wang'aluka mbali ya kumunsi, mng'alu woti n'kulowa dzanja. Ndinapita kukaona, ndipo dzanja langa linalowadi. Munthu amene sanajombepo kuntchito, amene sankamwa ngakhale thobwa logonera, lero ndi amene amagwetsa malole ndi kuledzeretsa amuna a eni.

Mu Ogasiti kunafika mayi wina wa ku Nyachikadza, dzina lake Luisa, atamanga nsalu m'chiuno ngati wopita kunkhondo. Mwamuna wake amabwera ndi nsomba kudzagulitsa ku Bangula n'kubwerera chimanjamanja, ndipo akafunsidwa amati zonse zathera kwa Stazia. Mayiyo anakwera bwato, anakwera kabaza, njira yonse akufunsa kumene Staziayo amakhala. Ena anamulozera nyumba yanga. Anaima pabwalo n'kukuwa kuti, "Atuluke hule ameneyo ndimuone nkhope! Akudya thukuta la ana anga!"

Ndinali ndikumata tayala la njinga. Ndinasamba m'manja, ndinalowa m'nyumba, n'kutulutsa chithunzi chimene tinaika pabokosi tsiku la maliro. Anachiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anakhala pansi pafumbi pomwepo n'kunena kuti, "Awa si adokotala a kukampu aja? Chaka cha madzi osefukira anamwetsa mwana wanga mankhwala ndi supuni, kolera itamugwira." Analira kuposa mmene ena analirira pamaliro. Ndinamupatsa madzi akumwa n'kumuperekeza. Pa chikwangwani chanu anadutsa atazolika.

Ndikuthokoza chifukwa cha mlendo ameneyu, Bwana. Popanda inu sakanandiyendera.

5. Apongozi anga, mayi wobala malemu, akadali moyo.

Zaka zawo sitizidziwa, koma miyendo ikuyenda. Atawawerengera zimene zalembedwa pa chikwangwani anangoti, "Nkhabe. Ine sindingaponde mwana wanga." Tchalitchi chathu chili tsidya linalo. Lamulungu lililonse anthu amadutsa pamwamba, iwo amatsikira kumchenga ndi ndodo yawo n'kuwolokera pansi pa mlatho, malole akugunda pamwamba pa mutu wawo. Wansembe analankhula nawo, anakana. Ine mkamwini sindingatsutsane ndi apongozi. Panopa mchenga ndi wouma, koma mitambo yayamba kusonkhana kumapiri.

6. Tsopano ndafika pa chimene chandigwiritsa cholembera.

Fatsani, mwana wathu woyamba, ndi woyembekezera. Ali kale ndi anyamata awiri, ndipo ulendo uno makina a kuchipatala aonetsa kuti ndi wamkazi. Akuti pakati pa Disembala. Anakwatiwa ku banja la a Geresomo, Asena, kumene dzina la mwana limachokera kuchimuna. Tsiku la maliro a akazi anga, a Geresomo, apongozi ake a Fatsani, anaimirira okha pamaso pa anthu, osapemphedwa, n'kulonjeza kuti mdzukulu wamkazi akadzabadwa adzatenga dzina la malemu.

Kwathu kuno, umu ndi mmene womwalira amabwererera pakhomo, Bwana. Sitidziwa kuumba zipilala kapena kupenta zikwangwani. Timapatsa khanda dzina la amene anapita, ndipo kuyambira pamenepo aliyense angathe kulitchula popanda manyazi, ngakhale ine. Ndadikira chaka ndi miyezi isanu ndi inayi kuti tsiku lina ndidzaime pabwalo panga, ndiitane dzinalo mokweza, lonse lathunthu, wina ayankhe kuti "Wawa, agogo." Sindinauzepo munthu zimenezi. Ndikuuza inu chifukwa munati anali mlongo wanu.

Sabata yatha a Geresomo anabwera. Anakhala pampando nthawi yaitali akukamba za mvula ndi mbewu ya chitowe, ndipo ndinadziwa kuti abwera ndi nkhani ina. Pomaliza anati, "Asewere, ndinalonjeza, sindikukana. Koma mdzukulu wathu atchedwe dzina la siteji? Akadzayamba sukulu anzake azidzamufunsa kuti Bangula ndi zingati. Akadzakula, mnyamata akadzati ndikupita kwa Stazia, mudzi wonse uzidzaseka. Dzinalo boma linatenga. Likabweza mwana asanatuluke m'chikuta, ife mawu athu ali pomwepo. Likapanda kubweza, musatidandaule."

Sindikuwadandaula. Akanakhala mdzukulu wanu, Bwana, inunso mukanatero.

Pempho langa ndi ili, ndipo ndalipempha manja onse awiri ali pamodzi. Tumizani munthu mmodzi ndi sipanala adzatsitse chikwangwanicho Disembala asanafike pakati. Sipafunika msasa, magule kapena ana asukulu. Mabawuti alipo anayi mbali iliyonse.

Mwina alangizi anu akuuzani kuti anthu anazolowera kale, chikwangwani chikachoka dzina litsala m'kamwa. Musawamvere, akukuchepetsani. Msika wa kwathu kuno wasintha dzina katatu ine ndikuona, nthawi iliyonse boma likasintha. Anyamata a chipani ndi aphunzitsi abwino. Sabata imodzi yokha, ngakhale nkhalamba zosamva bwino zimakhoza dzina latsopano.

Koma siteji singakhale yopanda dzina, ndipo sindingafune kukusiyirani vuto popanda kukuthandizani maganizo. Pa mlathowo pali kale dzina lina. Lili pa mwala wakuda umene munavundukula, lolembedwa ndi zilembo zagolide, mizere itatu pamodzi ndi maudindo ndi madigiri ake. Omanga analiika pansi kwambiri, pamene agalu amafikira, zimene si zoyenera kwa munthu wamkulu ngati inu. Likwezeni pamwamba. Ndi inu amene munapirira dzuwa la kuno mphindi makumi awiri zathunthu, sizasi ili m'manja. Kutalika kwake kusakudetseni nkhawa, makondakitala adzalidula bwino. Mwini malo a mowa adzapenta yekha. Amayi ofunafuna kumene amuna awo amathera tidzawalozera njira ya kulikulu. Ndipo Nyamisale akadzadzaza mu Januwale n'kuupeza mng'alu uja, wailesi idzakhala ndi dzina loyenera kulitchula.

Amake Fatsani anakugwirirani ntchito zaka 26, ndipo mwawawonjezera miyezi isanu ndi umodzi yoima pamsewu, padzuwa ndi pafumbi. Yakwana, Bwana. Aloleni aweruke. Kunyumba kukubwera mwana amene akuwadikira.

Ine wanu wamng'ono, wogwada mpaka mutayankha,

Lazaro Semba,
bambo ake a Fatsani.